Mutu Wachinayi: Theka la Piritsi

1. Mpeni ndi mbale

M'nyumba imeneyo tsiku linkayamba ndi kampeni. Mtsikana wa Fomu 3, amene apabanja ankamutchula kuti Kanesi, ankadzuka amayi ake asanadzuke, n'kuika piritsi limodzi pa mbale, n'kulidula pakati penipeni. Theka limodzi ankapereka kwa amayi ake pamodzi ndi kapu ya tiyi. Theka linalo ankalisunga m'kabotolo kuti amwe masana, ndipo madzulo ankadulanso piritsi lina.

Ntchitoyi inagwera iye chifukwa dzanja lamanja la amayi ake linkanjenjemera. Akayesa kudula okha, piritsi linkathawira pansi pa tebulo. Dzina lakuti Kanesi linachokera pamenepo, ndipo amene anamupatsa anali mayi ake aakulu, mkulu wawo wa amayi ake, amene ankagulitsa nsalu kumsika.

Amayi a Kanesi sanali okalamba. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zokha. Ntchito yawo inali yoluka tsitsi m'kasaluni kawo, kachipinda ka galasi limodzi ndi mipando iwiri, kuseri kwa sitolo ya nsapato.

Matendawo anayamba Kanesi ali kupulayimale. Poyamba chala chachikulu chinkangogwedezeka chokha. Kenaka dzanja lonse linatsatira. Mwendo wakumanja unayamba kukokeka poyenda, mawu anachepa, ndipo nkhope inauma, moti ngakhale asangalale, kumwetulira kunkachedwa kufika. Kuchipatala anawauza kuti ndi matenda a Pakinisoni. Anthu ambiri amaganiza kuti amenewa ndi matenda a agogo okha, koma amagwiranso amayi amene ana awo akadali pasukulu.

Dzanjalo linali ndi khalidwe lake. Likakhala pamwendo popanda chochita, linkanjenjemera. Likagwira chipeso kapena tsitsi, linkakhala bata. Anthu odutsa ankawaona amayiwo akunjenjemera pakhomo la saluni, kenaka n'kuwaona akuluka bwinobwino, ndipo anagamula okha mlandu kuti ndi matsire a mowa. Koma amayiwo mowa sanaulawepo chibadwire. Makasitomala ena anasiya kubwera. Amene anatsala ankabwerabe chifukwa mizere ya amayiwo inali yowongoka kuposa ya woluka wina aliyense mumsewumo, ngakhale ankachedwa kumaliza.

Bambo a Kanesi anachoka pakhomopo chaka chimene matendawo anadziwika. Chakudya, nyumba ndi sukulu, zonse zinkachokera m'zala zimenezo.

2. Pa mpopi

Sabata ina ahedi analengeza pa asembule kuti Loweruka kudzakhala mwambo wopereka mphoto, ndipo kuti pa sayansi wapambana ndi Kanesi. Pasukulupo panali lamulo lakalekale. Wolandira mphoto ankakwera pansanja pamodzi ndi kholo lake, khololo ndi limene linkalandira buku m'manja mwa ahedi, ndipo awiriwo ankajambulidwa chithunzi.

Nthawi yopuma, Kanesi anapita pa mpopi kukamwa madzi. Pamenepo anapeza mtsikana wa m'kalasi mwake amene anzake ankamuti Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankazima.

"Mwawina, asayansi," anatero Wailesi. "Ndiye pansanja mukwera ndi ndani? Amayi aja a pasaluni?"

"Nanga ndikwere ndi ako?"

"Ayi, ine ndangofunsa. Ungowauza kuti Lachisanu agone osalawa. Buku la ahedi lingagwe."

Atsikana amene anali pamzere anaseka. Mmodzi ananyamula kapu yake n'kuyamba kugwedeza dzanja dala, mpaka madzi anamwazikira pa yunifolomu ya mnzake.

"Amayi anga samwa," anatero Kanesi. "Amadwala."

"Eee, onse amatero," Wailesi anayankha. "Amalume anga nawonso amadwala Loweruka lililonse m'mawa. Akangopeza botolo lina, achira."

Kanesi anabwerera m'kalasi osamwa madzi.

3. Chenjezo la mayi aakulu

Lachisanu ataweruka, Kanesi anadzera kusaluni. Anapeza mayi ake aakulu atakhala pampando, amayi ake akuwaluka kuti mawa akaoneke bwino kusukulu.

"Wabwera, Kanesi? Tandipatsa kachipeso ako," anatero amayi ake ndi mawu awo otsika aja. Atalandira, anapitiriza kulankhula maso ali pa tsitsi. "Mwana wanga, za mawa zija. Ngati ukuona kuti ndikakuchititsa manyazi, nena. Akwere nawe mayi ako aakuluwa. Ine ndikakhala kumbuyo, ndikawomba m'manja ndili komweko. Paja dzanjali kuwomba limayamba lokha, silidikira kuuzidwa."

"Ayi, amayi. Manyazi a chiyani?" anayankha Kanesi, akuyang'ana tsitsi limene linagwera pansi.

Mayi aakulu sakanatha kutembenuka chifukwa mutu unali m'manja mwa mng'ono wawo, koma anamupeza mtsikanayo pagalasi.

"Tatukula nkhope, ndikukuona pagalasipa," anatero. "Tamvera, iwe mwana. Ine ndi amayi akowa tinayamwa bere limodzi, ndipo ndikuwadziwa kuposa iwe. Matendawa atayamba, anthu anabwera ndi nzeru zambiri. Wina anati awachita chipongwe anthu ansanje. Wina anati ndi mowa. Wina anati azibisa dzanja m'thumba akamayenda. Bambo ako anamvera anthuwo, ndipo lero mpando wawo uli wopanda munthu. Amayi akowa sanabise dzanja. Analitengera kuntchito m'mawa uliwonse, ndipo ndi dzanja lomwelo limene lakufikitsa Fomu 3. Tsono ndikuuze. Manyazi amene munthu wawanena pakamwa ndi aang'ono, timakhala pansi, timakambirana, amatha. Oopsa ndi amene ukuwakana apawa. Amenewo amagwira ntchito mobisa, ndipo amachititsa munthu wanzeru zinthu zopusa. Ngati anzako akukuseka, nena lero, tonse tili pano. Koma usayese kuwakonza amayi ako ngati mpando wothyoka umene timaufunditsa nsalu alendo akamabwera. Wamva?"

"Ndamva, mayi aakulu."

"Ndiye nena."

"Palibe choti ndinene."

"Musiyeni mwanayo, achemwali," anatero amayi a Kanesi. "Ndipo mutuwu ukhale chete. Mzere ukakhota mudzauza anthu kuti ndi matenda anga, chonsecho ndi pakamwa panu."

Mayi aakulu anaseka. Kanesi anatenga tsache n'kuyamba kusesa pamalo pamene panali posesa kale.

4. Masamu achidule

Loweruka m'mawa Kanesi anaika mbale patebulo monga mwa masiku onse. Anadula piritsi pakati n'kuika theka pambali. Kenaka anaimirira kanthawi, akumvetsera madzi amene amayi ake ankasamba kubafa.

Masamu ake anali achidule. Ngati theka limachepetsa kunjenjemera, ndiye kuti kuwonjezera piritsi lathunthu kukuthetseratu, mwina mpaka mwambo utatha. Wophunzira amene anapambana anzake onse pa sayansi sanafunse dokotala, sanafunse nesi, ndipo sanafunse ngakhale mwini thupi.

Anatulutsa piritsi lina m'botolo, analiphwanya ndi kumbuyo kwa supuni mpaka linasanduka ufa, n'kulithira m'tiyi. Anawonjezera shuga ndi kutakasa nthawi yaitali.

Amayi ake anatuluka atavala diresi lawo labuluu, limene ankalisungira masiku akuluakulu. Kanesi anawamangira mabatani akumsana. Iwo anameza theka lija, natsitsira ndi tiyi.

"Lero shuga wachuluka," anatero.

"Ndi tsiku lachisangalalo, amayi."

"Chabwino, asayansi. Koma mawa tibwerere mwakale, thumba lingathe."

Anamwa tiyi yense.

Panjira zinkaoneka ngati masamu aja akhoza. Mwendo wakumanja sunkakokeka. Dzanja linkalendewera mwabata pambali pa diresi. Mayi aakulu, amene anakumana nawo pokwerera basi, anadabwa.

"Iii, koma lero mukuyenda ngati mtsikana!"

"Ndikumva kupepuka, achemwali," anayankha amayiwo. "Mwina ndi chimwemwe."

Kanesi anayenda patsogolo pawo, mutu uli m'mwamba.

5. Pansanja

Holo inali yodzaza. Makolo anakhala kumanzere, ophunzira kumanja, ndipo olandira mphoto anakhala mzere wakutsogolo pamodzi ndi abale awo. Mlendo wolemekezeka analankhula nthawi yaitali za kufunika kolimbikira.

Zolankhulazo zili pakati, phewa la amayi a Kanesi linayamba kuzungulira lokha. Sikunali kunjenjemera kumene onse anakuzolowera. Mutu unapendekera kumanja, n'kubwerera, n'kupendekeranso. Thupi linayamba kudzipotokola pampando ngati la munthu amene akuvina nyimbo imene ena sakuimva. Phazi linamenya mwendo wa tebulo la maluwa.

"Achemwali," ananong'ona amayiwo, thukuta lili pamphumi, "chikundichitikira n'chiyani? Ndikumva nseru."

"Tiyeni titulukire panja," anatero mayi aakulu.

Nthawi yomweyo ahedi anaitana wopambana pa sayansi.

"Khalani, ndikwera naye ndine," mayi aakulu anatero.

"Ayi. Mwanayu wanena yekha kuti alibe manyazi ndi ine. Ndimukhumudwitse?"

Anaimirira. Anakwera masitepe akupepesuka, Kanesi ali pambuyo pawo. Kuwomba m'manja kunayamba mwamphamvu, koma kunazilala msanga, pakuti aliyense anali ataona. Ahedi anatambasula buku lalikulu lachikuto chofiira. Amayiwo anatambasulanso mkono kuti alandire, koma mkonowo unapita njira yake. Unamenya bukulo, bukulo linagunda jagi ya madzi patebulo, ndipo madzi anakhuthukira pa nsapato za mlendo wolemekezeka.

Kenaka bambo wina kumbuyo anafuula kuti, "Ya m'mawamawa imeneyo!"

Chiseko chinayambira kwa ophunzira n'kufalikira mbali ya makolo. Wailesi anali atakwera pabenchi, foni ili m'mwamba. Wojambula zithunzi anatsitsa kamera yake.

Amayiwo anatembenukira kwa mwana wawo, mutu ukugwedezekabe, kuti awagwire mkono. Kanesi anasunthira pambali. Anayang'ana pansi, manja ali kumbuyo, ngati munthu amene wangopezeka pafupi ndi mlendo.

Amene anakwera kudzawagwira anali mayi aakulu. Ahedi anatola buku lonyowalo, analipereka kwa Kanesi, nanena motsitsa mawu kuti, "Pita nawo, akapume."

Kuseri kwa holo amayiwo anasanza. Mayi aakulu anawapukuta pakamwa ndi mpango. Atapezako mpweya, anafunafuna mwana wawo ndi maso.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Ndakuwonongera tsiku lako. Ndikanakhala kumbuyo."

Kanesi anafinya bukulo pachifuwa.

6. Funso la dokotala

Mayi aakulu sanafune zambiri. Anaimitsa galimoto n'kupita nawo kuchipatala. Pamene ankafika pamzere wa dokotala masana, kudzipotokola kuja kunali kutachepa, ndipo kunjenjemera kwa masiku onse kunali kutabwerera. Amayiwo anakhala pabenchi atafooka, diresi labuluu litathimbirira kutsogolo.

Dokotala anali mayi wa imvi zochepa, yemwe ankawaona amayi a Kanesi chiyambire matendawo. Anamvetsera nkhani yonse kwa mayi aakulu. Anapinda ndi kutambasula mkono wa wodwalayo, anawauza kuti atsegule ndi kutseka zala, kenaka anakhala pansi.

"Mankhwala mwamwa bwanji lero?"

"Theka, monga mwa masiku onse."

"Simunabwereze mwangozi?"

"Ayi, adokotala. Amandidulira ndi mwanayu, ndipo salakwitsa. Kunyumba timamuti Kanesi."

Dokotala anayang'ana mtsikanayo n'kumwetulira pang'ono. Kanesi anayang'ana chikuto cha buku.

"Ngati ndi choncho, nkhaniyi siyabwino," anatero dokotala. "Zimene mwafotokozazi si matenda okha. Zimachitika mankhwala akachuluka m'thupi. Ngati theka layamba kukuchitani zotere, ndiye kuti thupi lanu lasintha, ndipo ndiyenera kuchepetsa. Muzimwa theka la theka, tione."

"Nanga zala?" anafunsa amayiwo. "Paja ndisanayambe theka zinkauma ngati mitengo."

"Ziumanso. Sindikunamizani."

"Ndiye kuluka?"

"Kudzakhala kovuta. Koma sindingakusiyeni kuti mugwe pamsewu."

Amayiwo anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Basi, ndatseka saluni," anatero. "Ndiponso zaleroli zandikwana. Achemwali, mukauze mwini chipinda kuti apeze wina. Ine ndizikhala m'nyumba. Mwanayu ndamuchititsa manyazi kokwanira."

"Musalankhule choncho," anatero mayi aakulu, koma mawu awo, amene kumsika ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu, anatuluka ofooka.

Dokotala anatenga cholembera.

"Musalembe, adokotala."

Onse atatu anatembenuka. Kanesi anali ataimirira.

"Sanamwe theka lokha. Ndinaphwanya piritsi lina lathunthu, ndinathira m'tiyi. Iwo sakudziwa."

"Wati chiyani?" anafunsa mayi aakulu.

"Ndimafuna kuti dzanja lisanjenjemere pansanja. Anzanga amati amamwa mowa. Ndimafuna lingokhala chete mpaka atijambule."

Amayi ake anamuyang'ana. Nkhope yawo, imene matenda anaiumitsa, sinasonyeze kanthu, ndipo zimenezi zinali zowawa kuposa kukalipa.

Dokotala anaika cholembera pansi.

"Khala pansi, mtsikana, ndipo undimvetsere mpaka ndimalize," anatero. "Mankhwala awa sali ngati shuga, woti ukawonjezera tiyi amakoma kwambiri. Muubongo muli timadzi timene timathandiza thupi kuyenda mwadongosolo. Mwa amayi akowa timadzito tikuchepa, ndipo piritsi limabwezeretsa pang'ono. Likachepa, thupi limauma ndi kunjenjemera. Likachuluka, thupi limayenda lokha mopanda chiletso, monga waonera lero. Malo abwino ali pakati, ndipo ndi opapatiza, makamaka kwa anthu amene matendawa awagwira akadali aang'ono ngati amayi akowa. Theka limene umadula lija sitinalilote. Tinalipeza ine ndi iwo patapita miyezi yoyesa, iwo akuvutika, iwe uli m'kalasi. Lero akanatha kuchita chizungulire pa masitepe aja n'kumenyetsa mutu. Ndipo ukanakhala chete kanthawi kena, ine ndikanawachepetsera mankhwala pa mlandu umene thupi lawo silinapalamule, ndipo ntchito yawo ikanatha ndi dzanja langa. Chachiwiri ndi ichi. Munthu wodwala sasiya kukhala mwini thupi lake. Kumuthirira kanthu m'chakumwa iye osadziwa ndi kumuchotsera ulemu, ngakhale utachita ndi mtima wofuna kuthandiza. Ndipo iwe sunachite kuti uthandize iwo. Unachita kuti uthandize nkhope yako. Wanena zoona nthawi isanathe, ndipo pa chimenecho wachita bwino. Koma usaganize kuti kunena kwafafaniza kuchita."

"Ndamva, adokotala."

"Mayi, pitirizani theka. Lero mupume, mumwe madzi ambiri. Saluni musatseke."

7. Buku lachikuto chofiira

Pobwerera anakwera basi. Mayi aakulu anatsikira kumsika kukatseka benchi lawo, nalonjeza kuti abwera dzuwa lisanalowe.

Atafika kunyumba, amayiwo anavula diresi labuluu n'kuliviika m'beseni. Anagona pang'ono. Itakwana nthawi ya mankhwala amadzulo, Kanesi anatenga mbale ndi kampeni kaja.

"Siya," anatero amayi ake ali pakhomo la chipinda.

Anakhala patebulo n'kukokera mbaleyo kwa iwo. Anatsegula botolo movutikira. Anaika piritsi pa mbale, koma mpeni utangolikhudza, linadumpha n'kugubudukira pansi pa kabati. Kanesi anagwada kuti alitole.

"Ndati siya."

Anagwada okha, pang'onopang'ono, akugwirira mwendo wa tebulo. Analipeza, analipukuta, nayesanso. Linaduka mokhota, mbali ina yaikulu, ina yaing'ono. Anayang'ana zidutswazo, nasankha yaing'ono. Madzi anakatunga okha.

Kanesi anaimirira pakhoma, misozi ikutsika, manja alibe chochita.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Kukhululuka ndikhululuka, ndiwe mwana wanga. Koma kapu yochokera m'manja mwako ndiyamba ndaiyang'ana kaye. Zimenezo zitenga nthawi, ndipo usandifulumizitse." Anaika kapu patebulo. "Dzulo ndinakufunsa. Mayi ako aakulu anakufunsa. Ukanati, amayi, ndikuopa, sindikanakwiya. Inenso ndimaopa. Kodi ukuganiza kuti sindimva zimene amanena ndikamadutsa? Buku lija lili kuti?"

Kanesi analibweretsa. Masamba ake anali atafufuma ndi madzi. Dzanja lamanja la amayiwo linali pamwendo, likunjenjemera monga mwa nthawi zonse. Analitukula n'kugwira bukulo. Zala zitangolifinya, kunjenjemera kunaleka. Bukulo linaima m'mwamba osagwedezeka.

"Ukuona? Zaka zonsezi umandiona ndikuluka. Dzanjali likagwira chinthu limakhala chete. Ahedi akanangondipatsa bukuli, chithunzi chikanatuluka bwino. Sipankafunika piritsi lina. Pankafunika kuti undisiye ndilandire."

Chitseko chinatseguka osagogoda. Anali mayi aakulu, akupuma mofulumira, foni ili m'manja.

"Mwaona zimene achita ana aja? Kanema wafika mpaka kumsika. Wogulitsa nsapato wandionetsa. Alembapo kuti, mayi woledzera asokoneza mwambo. Ndipo mkazi wa telala, kasitomala wanu uja, wati Lolemba sabwera kudzalukitsa."

Amayi a Kanesi analandira foniyo. Anaonera kanemayo mpaka kumapeto, pamene mtsikana wa yunifolomu ankasunthira pambali, manja ali kumbuyo. Anabwezera foniyo kwa mwini wake.

"Ndikapeza kamtsikana kajambula zimenezi, ndikakoka makutu mpaka afike m'mapewa," anatero mayi aakulu.

"Musavutike, achemwali. Makutu amenewo ndikuwafuna ali bwinobwino, amve." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Diresi lija likauma mawa, ulisite. Lolemba usanyamuke wekha."

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kusukulu kwako. Buku sindinalandire, ndikukalandira. Ndikapempha ahedi kuti andipatse pa asembule, ana onse akuona, ine nditamwa theka langa, dzanja likunjenjemera mmene limanjenjemerera. Anthu aona zimene zinachitika, koma chifukwa chake sanachimve."

"Mukawauza?"

"Mawu anga safika kumbuyo kwa mzere, ukudziwa. Ukawauza ndiwe."

Kanesi anayang'ana mayi ake aakulu, koma iwo anangopinda manja pachifuwa. Mtsikanayo anatuluka kukachapa ndi kuyanika diresi lija. Pamene ankalipanira pa chingwe, chopanira chinamugwa, ndipo atachitola chinamugwanso, pakuti zala zake zinali kunjenjemera, ndipo iye analibe matenda oti anamizire.